Mabakiteriya a m'botolo: kodi mbewu ya ku Ulaya ingamere m'mimba mwathu?

Mwezi wathawu azakhali anga anabwera kunyumba ndi kabotolo m'chikwama. Mdzukulu wawo wa chaka chimodzi ndi miyezi inayi wakhala akutsekula m'mimba pafupipafupi, kusiya sabata imodzi, kenako n'kuyambiranso. Mayi wina wa kumpingo kwawo anawauza za mankhwala otchedwa probiotic, akuti amakonza m'mimba. Anakwera minibasi, nakagula mu famase ina m'tauni. Ndalama zimene anapereka zikanagula ndowa ya chimanga, za sopo n'kutsala.

"Tawerenga apa iwe, paja unaphunzira sayansi," anatero akundipatsa botololo. "Akuti muli tizilombo tamoyo mabiliyoni khumi. Ndiye tizilomboto tikalowa mwa mwana, si ndiye kumuwonjezera matenda kumeneko?"

"Ayi azakhali, si tizilombo tonse timene timadwalitsa. Koma kodi Thanzi mwamupatsa? Nanga zinc uja anakupatsani kuchipatala?"

Thanzi anamwa tsiku limodzi. Zinc anasiyira panjira chifukwa mwanayo ankalavula. Chiyembekezo chonse chinali pa botolo lija, lolembedwa bwino, lochokera kutali.

Sindikuwaseka azakhali. Anachita zimene aliyense wokonda mwana angachite. Koma nkhani yawoyi ndi imene yandipangitsa kulemba zimenezi, ndipo maganizo anga ndiwanena poyamba pomwe: probiotic amene sanayesedwe pa ana ngati athu, odya zimene timadya komanso okhala mmene timakhalira, sitiyenera kumukhulupirira chifukwa chakuti anathandiza ana a ku Ulaya kapena ku America. Umboni wake ulipo, ndipo wina unapezeka konkuno ku Malawi.

Munda umene uli m'mimba mwanu

Mu Biology mumaloweza njira ya chakudya: mkamwa, kummero, chifu, matumbo aang'ono, matumbo aakulu. Pa chithunzi cha m'buku matumbo aakulu amaoneka ngati paipi yongoyamwa madzi basi. Zoona zake n'zakuti mmenemo ndi mmene muli chigulu cha anthu okhala nawo amene simunawaonepo. Akatswiri anawerengera mu 2016 kuti munthu wamkulu amakhala ndi mabakiteriya pafupifupi mathililiyoni 38, ndiye kuti 38 wotsatiridwa ndi maziro 12, ndipo ambiri mwa iwo ali m'matumbo aakulu. Maselo a thupi lanu lenilenilo ndi pafupifupi mathililiyoni 30. Mwaona? Mukamayenda kupita kusukulu, simuli nokha.

Mabakiteriyawa sangokhala mwaulere. Gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba, mitsitsi ya mu chisoso ndi bonongwe, zonsezi ma enzyme anu sangathe kuzigaya. Mabakiteriya ndi amene amazimaliza, n'kutulutsa timaasidi timene maselo a khoma la matumbo amadya. Ena amapanga mavitamini, monga K ndi ena a gulu la B. Amadzaza malo kuti tizilombo toyambitsa matenda tisowe pokhala, komanso amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mnansi.

Ndiye probiotic n'chiyani? Mu 2001 akatswiri amene anaitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO anagwirizana tanthauzo limene likugwirabe ntchito: ndi tizilombo tamoyo timene munthu akamwa mlingo wokwanira timamupindulira pa thanzi lake. Onani zinthu zitatu zili m'menemo. Tikhale tamoyo, tikhale tokwanira, ndipo phindu lake lioneke. Botolo likhoza kukhala ndi mabiliyoni khumi, koma ngati chachitatucho palibe, dzina la probiotic langobwerekedwa.

Ganizoli si latsopano. Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Paris, anaona kuti alimi a ku Bulgaria amamwa kwambiri mkaka wosasa, ndipo mu 1907 analemba kuti mwina mabakiteriya a mu mkakawo ndi amene amawatalikitsa moyo. Ku Japan, Minoru Shirota anayamba kugulitsa chakumwa cha Yakult mu 1935. Bakiteriya wotchuka kwambiri masiku ano, Lactobacillus rhamnosus GG, anamupeza ku Boston mu 1983, ndipo GG ameneyo ndi zilembo zoyamba za maina a omupezawo, Gorbach ndi Goldin. Paris, Japan, Boston. Sungani maina amenewo m'mutu.

Nthaka imasiyana

Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa kuti mbewu imayendera nthaka. Kachewere amachita bwino ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma mukamubzala ku Nsanje mungotaya ndalama. Mpunga wa Kilombero ndi wa m'madambo a ku Karonga. Ndiye chifukwa chake mbewu yatsopano ya chimanga isanafike kwa alimi imayesedwa kaye m'malo ngati Chitedze ndi Bvumbwe, kuti aone ngati ikugwirizana ndi mvula yathu, kutentha kwathu ndi tizirombo tathu. Palibe mlangizi amene angakuuzeni kuti bzalani chifukwa inabereka bwino ku Canada.

M'mimba namonso ndi munda, ndipo minda yake si yofanana. Mu 2010 akatswiri a ku Italy anayerekeza chimbudzi cha ana a m'mudzi wina ku Burkina Faso, amene amadya kwambiri mapira, mawere ndi masamba, ndi cha ana a mumzinda wa Florence. Ana a ku Burkina Faso anali ndi mabakiteriya ambiri a mtundu wa Prevotella, akatswiri pa kugaya zakudya za gaga, pomwe mwa ana a ku Italy mabakiteriya amenewa ankasowa. Mu 2012 kafukufuku wina wamkulu, wa anthu 531, anayerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, anthu a m'nkhalango ya Amazon ku Venezuela, ndi anthu a m'mizinda ya ku United States. Amalawi ndi anthu a ku Amazon, ngakhale atalikirana nyanja yonse ya Atlantic, anafanana kwambiri kusiyana ndi mmene aliyense wa iwo anafananira ndi Amereka. Onse amadalira zakudya za sitalichi monga chimanga ndi chinangwa, ndipo mabakiteriya awo anali okonzekera ntchito imeneyo. Anapezanso kuti munda umenewu umakhwima m'zaka zitatu zoyambirira za moyo wa mwana.

Pali kusiyana kwina kumene n'kowawa. Mwana amene amakwawa pabwalo pamene nkhuku zimayenda, amene amamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, amameza tizilombo toipa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mwina satsekula n'komwe. Koma ma villi ake, timinofu tonga tizala tija timayamwa chakudya m'matumbo aang'ono, timafupika n'kuphwatalala, khoma la matumbo limatupa ndipo limayamba kudontha. Vutoli amalitcha environmental enteric dysfunction. Mwana wotereyu akhoza kudya phala lokwanira koma thupi osapindula mokwanira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti matumbo odwalawa ali ndi gawo lake pa chiwerengero chimenecho.

Ngakhale katemera amamva kusiyanaku. Katemera wa rota, uja amadonthezera mkamwa mwa makanda, ku Ulaya amateteza ana oposa 90 mwa 100 ku kutsekula m'mimba koopsa koyamba ndi kachilomboka. Atamuyesa kuno, zotsatira zimene zinatuluka mu 2010 zinali 77 mwa 100 ku South Africa ndi 49 mwa 100 ku Malawi. Musandimve molakwa, katemerayu ndi wofunika kwambiri, ndipo chifukwa matendawa ndi ochuluka kuno, anapulumutsa ana ambiri ku Malawi kuposa ku South Africa pa ana 100 alionse amene anamulandira. Dziko lathu linachita bwino kumuyamba mu 2012. Mfundo yanga ndi yakuti chinthu chimodzimodzi, chodutsa mkamwa, chimagwira ntchito mosiyana malinga ndi matumbo amene chafikiramo. Ngati zili choncho ndi katemera, bwanji bakiteriya wamoyo amene akufunika kupeza malo ndi chakudya?

Tsono funso: kodi matumbo amene akatswiri amawadziwa bwino ndi a ndani? Mu 2022 gulu lina linawerenga zitsanzo zonse za mabakiteriya a m'thupi la munthu zimene zasungidwa poyera kuti asayansi azigwiritsa ntchito. Mwa zimene zinkadziwika kochokera, zoposa 71 pa 100 zilizonse zinali za ku Ulaya, United States ndi Canada. United States payokha inali ndi pafupifupi 47 pa 100, chonsecho anthu ake safika 5 mwa anthu 100 alionse a padziko lapansi. Kunena kwina, Chitedze wa mabakiteriya ali kunja, ndipo mbewu zake zikugulitsidwa kuno.

Atayesa kuno, chinachitika n'chiyani?

Mu 2005 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mudzi wina ku Malawi. Ana 164 a zaka zitatu mpaka zisanu anawagawa pawiri mwamaere. Gulu lina linamwa Lactobacillus GG, wa ku Boston uja, kwa masiku 30. Gulu lina linamwa kapisozi wofanana naye koma wopanda bakiteriya. Atayeza kudontha kwa matumbo, panalibe kusiyana.

Mu 2009 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wina wamkulu wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ana 795 onyentchera kwambiri onse analandira chiponde monga mwa nthawi zonse, koma theka la iwo anawasakanizira mankhwala opangidwa ku Sweden, okhala ndi mitundu inayi ya mabakiteriya ndi mitundu inayi ya chakudya cha mabakiteriyawo. Amene anachira anali pafupifupi 54 mwa 100 m'gulu lolandira mabakiteriya, ndi 51 mwa 100 m'gulu linalo. Kusiyana kochepa chonchi kukhoza kubwera mwamwayi chabe, ndipo ochita kafukufukuyo ananena okha kuti mankhwalawo sanawonjezere kuchira.

Ine ndimawalemekeza anthu amene anachita ntchito imeneyi. Kupeza kuti chinthu sichikugwira ntchito n'kupulumutsa ndalama za chipatala zimene zikanathera pa icho. Ndipo kuti tichite chilungamo, ngakhale kwawo komweko ma probiotic sapambana nthawi zonse. Mu 2018 kafukufuku awiri akuluakulu, wina wa ana 971 ku United States, wina wa ana 886 ku Canada, anapeza kuti ana otsekula m'mimba amene anamwa probiotic sanachire msanga kuposa anzawo.

Apa wina akhoza kunena kuti basi, zonsezi n'zabodza, tizisiye. Dikirani kaye, chifukwa mbali yosangalatsa ndi imene ikubwerayi.

Mapasa, mbewa ndi nthochi zosapsa

Kafukufuku amene ndimamukonda kwambiri pa nkhaniyi ndi wa mapasa. Gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary a ku Washington University ku St. Louis, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, linatsatira mapasa a m'mabanja 317 m'midzi ya kuchigawo cha kummwera. Taganizani: ana awiri, mayi mmodzi, mbale imodzi ya phala. Koma m'mabanja ambiri mmodzi ankadwala matenda onyentchera, ena mpaka kutupikana kuja kotchedwa kwashiorkor, mnzake ali bwinobwino. Chifukwa chiyani?

Anatenga chimbudzi cha mapasa a m'mabanja atatu otere n'kuika mabakiteriya ake mu mbewa zoleredwa mu labotale zimene zinalibe bakiteriya ndi mmodzi yemwe m'thupi. Mbewazo anazipatsa chakudya chofanana ndi cha m'midzi imeneyo, chimanga ndi ndiwo zamasamba. M'mabanja awiri mwa atatuwo, mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a mwana wodwala zinaonda kwambiri, pomwe zolandira a mwana wathanzi sizinaonde choncho. Atazipatsa chiponde zinayamba kunenepa, koma atabwerera ku chakudya chakale zinthu zinayambanso kubwerera m'mbuyo. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013. Zinaonetsa kuti mabakiteriya a m'mimba si ongoonerera pa nkhani ya kunyentchera, ali m'bwalo akusewera nawo, ndiponso kuti mphamvu yawo imadalira chimene munthu akudya.

Gulu lomwelo linapitiriza ntchitoyi ku Bangladesh mogwirizana ndi bungwe la icddr,b la ku Dhaka, motsogozedwa ndi Tahmeed Ahmed. Iwo anatembenuza funso. M'malo mofunsa kuti tigule bakiteriya uti, anafunsa kuti ndi mabakiteriya ati amene ana athanzi a ku Bangladesh amakhala nawo akamakula, nanga ndi zakudya ziti za pamsika wa komweko zimene mabakiteriyawo amakonda. Atayesa zakudya zambiri mu labotale, mu mbewa ndi mu tiana ta nkhumba, anatsala ndi zinayi: ufa wa tchana, ufa wa soya, mtedza ndi nthochi zosapsa. Chosakanizacho anachitcha MDCF-2. Anachiyesa pa ana 123 a miyezi 12 mpaka 18 onyentchera pang'ono a ku Mirpur, dera la anthu osauka mu Dhaka, kawiri pa tsiku kwa miyezi itatu. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti ana odya MDCF-2 anawonjezera thupi msanga kuposa amene ankadya chakudya chothandizira cha nthawi zonse, chikhalirecho MDCF-2 inali ndi ma calorie ochepa. Pambuyo pake anapeza kuti ena mwa mabakiteriya amene anagwira ntchito yaikulu anali a mtundu wa Prevotella, omwe aja a ku Burkina Faso.

Werenganinso mndandandawo. Tchana, soya, mtedza, nthochi. Ndi chiti pamenepa chimene sichipezeka pa msika wa ku Lunzu kapena ku Mitundu? Mu MDCF-2 mulibe bakiteriya wa m'botolo. Anathira manyowa oyenera, mbewu imene inalimo kale n'kudzuka yokha. Izi sizikutanthauza kuti mukasakaniza zinayizi kunyumba mwapanga mankhwala, chifukwa milingo yake anaiyeza ndipo ana ake anali a ku Bangladesh. Zathu tiyenera kuzipeza mwa njira yomweyo.

Nanga probiotic weniweni, wa bakiteriya wamoyo, anapambanapo m'dziko losauka? Inde, ndipo mmene anapambanira ndi phunziro palokha. Ku Odisha, ku India, Pinaki Panigrahi ndi anzake sanatole botolo limene linali kale pa shelefu. Anayesa mitundu ya mabakiteriya yoposa 280 pofuna amene angamatirire m'matumbo a khanda, n'kusankha Lactobacillus plantarum wina wake. Anamuphatikiza ndi kashuga kena komwe bakiteriyayo amadya, n'kupatsa makanda a m'midzi kwa masiku 7 okha kuyambira atangobadwa. Makanda onse mu kafukufukuyo anali 4,556. Amene anadwala matenda oopsa a m'magazi kapena kumwalira anatsika kuchoka pa 9 mwa 100 kufika pa 5.4 mwa 100, ndipo mtengo wake unali pafupifupi dola imodzi pa khanda. Zotsatirazi zinatuluka mu 2017. Vuto linali lodziwika, bakiteriya anasankhidwira vuto limenelo, ndipo anayesedwa pa ana amene akufunika thandizolo.

Chitsanzo china chikukhudza mkaka wa m'mawere. Mu mkakawu muli mitundu ya shuga imene khanda silingagaye. Mayi amaipangira bakiteriya wotchedwa Bifidobacterium infantis, amene amadzaza matumbo a makanda ambiri ku Bangladesh ndi ku Gambia koma wayamba kusowa mwa makanda a ku Ulaya ndi ku America. Ku Dhaka anapeza kuti makanda onyentchera kwambiri amakhala naye wochepa. Atawapatsa B. infantis wochokera ku America, anawonjezerako thupi, koma bakiteriyayo sanachuluke kufika pa mlingo wa makanda athanzi a komweko. Kenako mwa mwana wina wa ku Bangladesh anapezamo B. infantis amene amatha kudya shuga wa mu mkaka komanso zakudya za kumunda, zimene zimamuthandiza pamene mkaka wa mayi ukuchepa. Dzina limodzi, luso losiyana, ngati mmene chimanga cha makolo ndi cha haibulidi zonse zilili chimanga.

"Ndiye tingomwa thobwa?"

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwafika kale pamenepa. Ngati zakunja sizikugwira, ndiye zathu ndi zimene zili bwino, eti? Apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga ena okonda zachikhalidwe.

Thobwa, chambiko, mabisi ndi munkoyo wa ku Zambia ndi zakudya zabwino, ndipo kusasa kwake kumachokera ku mabakiteriya opanga lactic acid, achibale a omwe ali m'botolo la azakhali. Asidi ameneyu amalepheretsa tizilombo tina toipa kuswana, n'chifukwa chake phala losasa limakhalitsa kuposa losasasa. Koma kumbukirani zinthu zitatu zija. Kodi tamoyo? Amayi ambiri amaphitsanso thobwa m'mawa mwake atathira chimera, ndipo moto umapha mabakiteriya amene analipo, mpaka ena adzayambenso kuswana likamasasa. Kodi tokwanira? Chidebe chilichonse chili ndi mabakiteriya akeake. Kodi phindu lake pa matenda akutiakuti linayezedwa? Funso limene ndafunsa botolo la ku Ulaya ndiyenera kulifunsanso thobwa la agogo. Ndipo thobwa losungunulidwa ndi madzi oipa, m'botolo lotoledwa losatsuka bwino, likhoza kukupatsani matenda omwewo amene mukuthawa.

Chimene zakudya zathuzi zili nacho, chomwe botolo lilibe, ndi chakuti anthu amazidya kale, amazikonda, ndipo amadziwa kuzipanga. Pali anthu amene agwiritsa ntchito mwayi umenewu. Bungwe la Yoba for Life, loyambitsidwa ndi asayansi awiri a ku Netherlands, Remco Kort ndi Wilbert Sybesma, linatenga bakiteriya wofanana ndi GG uja chilolezo cha mwini wake chitatha, n'kumuumitsa m'timapaketi ta galamu imodzi. Kapaketi kamodzi kamakwana kupangira malita 100 a yogati, ndipo magulu ang'onoang'ono a alimi a ng'ombe ku Uganda amapanga n'kumagulitsa okha. Ku Zimbabwe bakiteriya yemweyo anamuyesa mu mutandabota, chakudya cha mkaka wosakaniza ndi malambe. Ku Mwanza, ku Tanzania, magulu a amayi akhala akupanga yogati wa probiotic m'makhitchini awo mothandizana ndi yunivesite ina ya ku Canada. Njira imeneyi ikuthetsa vuto la mtengo ndi la mayendedwe, chifukwa bakiteriya amaswana pomwepo pamene akukadyedwa, ndipo ndalama zimatsala m'mudzi. Koma bakiteriyayo akadali mlendo, ndipo ndi m'bale wa yemwe uja sanasinthe kanthu pa ana 164 aja. Theka la ntchito latheka. Theka linalo ndi kupeza mabakiteriya ochokera mwa ana athanzi a kuno ndi m'zakudya za kuno, n'kuwayesa mosakondera.

Pali chodandaula china chimene ndimachimva, ndipo n'chomveka: kafukufuku amatenga zaka, ana akudwala lero, ndiye bwanji osangopereka zimene zilipo, poti ngati sizithandiza siziononganso? Mayankho anga ndi awiri. Loyamba, kwa munthu wathanzi ma probiotic kawirikawiri savulaza, koma kwa khanda lobadwa masiku osakwana, kapena munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, bakiteriya akhoza kudutsa khoma lodontha lija n'kulowa m'magazi. Mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku United States linachenjeza zipatala khanda lina lobadwa masiku osakwana litamwalira ndi bakiteriya wa mu probiotic amene linapatsidwa. Lachiwiri ndi la azakhali aja. Ndalama ndi chiyembekezo zikapita ku botolo, zimachoka kwina. Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana wotsekula m'mimba azimwa ORS ndi zinc kwa masiku 10 mpaka 14, uku akupitiriza kuyamwa ndi kudya. Zimenezi zinayesedwa m'mayiko ngati athu ndipo zimapulumutsa miyoyo. Mwana akayamba kuchita magazi, maso kulowa, kukana kuyamwa, kapena kutsekulako kukafika milungu iwiri, kofunika ndi kuchipatala. Ndipo palibe bakiteriya wabwino amene angapambane ngati tsiku lililonse mwana akumeza oipa atsopano m'madzi. Kubzala osapalira, mukudziwa zotsatira zake.

Chimene ndikufuna ine ndi chakuti mabakiteriya tiziwachita zimene timachita kale ndi mbewu ya chimanga. Wogulitsa probiotic kuno azilemba dzina lonse la bakiteriya, mpaka nambala yake, ngati mmene paketi ya mbewu imalembera mtundu weniweni, azinena matenda amene anayesedwapo ndi anthu amene anayesedwapo. Ndalama za kafukufuku zizipita kwa asayansi a ku KUHeS, ku LUANAR ndi kwina, kuti mabakiteriya a m'matumbo mwa ana athu ndi a mu chambiko chathu azisungidwa ndi kuyezedwa kuno. Pamenepa palinso nkhani ya umwini. Bakiteriya wochokera mwa mwana wa ku Machinga akadzakhala mankhwala ogulitsidwa padziko lonse, phindu lake n'la ndani? Pali pangano la mayiko lotchedwa Nagoya Protocol, la mu 2010, lonena za kugawana phindu lochokera ku zamoyo za dziko lililonse, koma pangano limafuna anthu odziwa sayansi ndi malamulo oti aziliyang'anira. Ena mwa anthu amenewo panopa akulimbana ndi ma villi pokonzekera MSCE.

Ngati kusukulu kwanu kuli science club, mukhoza kuyamba ndi pepala loyezera pH. Tengani thobwa la tsiku limodzi, ligaweni m'mabotolo awiri oyera, lina muliphitsenso, lina ayi. Yezani m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, muzilemba. Simudzaona bakiteriya ndi maso, koma mudzaona ntchito yake pa manambala, ndipo mudzadziwa botolo limene linayamba msanga kusasa. La tsiku lachitatulo musamwe.

Azakhali ndinawaperekeza kuchipatala chaching'ono cha kwawo Lolemba lotsatira. Mwana anamuyeza sikelo ndi pamkono, anawapatsanso zinc, ndipo namwino anawaonetsa kasungunulidwe kake mu supuni ya mkaka wa m'mawere kuti asamalavule. Botolo lija sanalitaye, ndalama zake zinawawa. Lili pa shelefu pamwamba pa wailesi, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Nditaliwerenganso bwino kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono munalembedwa kuti likatsegulidwa lizisungidwa mu firiji. Kwa azakhali kulibe magetsi, ndipo uno ndi mwezi wa October.